Madzi Otentha a Amayi pa Msewu Wathu

Bolton, England.
Januwale.

Okondedwa achemwali Agatha,

Choyamba ndifune kudziwa za moyo wanu, alamu ndi ana kumeneko ku Linthipe. Bondo lomwe linkakuvutani lija linasiya? Mvula ikugwa bwanji chaka chino? Ngati nonse muli bwino ndithokoza Mulungu. Ife kuno matupi ali bwino, koma m'nyumba muno mulibe mtendere, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Nyumba za kuno makoma ake ndi opyapyala, munthu ukatsokomola m'mwamba wapansi amati pepani. Amayi amamva chilichonse, ndipo mumawadziwa makutu awo. Ndikamaliza ndiijambula kalatayi n'kukutumizirani pa foni. Chonde muiwerenge muli nokha.

Zoti ndinachira munamva, chithunzi cha mwana munachionanso. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti mwanayu mpaka lero alibe dzina, ndipo amayi sanamunyamulepo ngakhale kamodzi. Mchombo unagwa kalekale. Amayi omwe anakwera ndege koyamba m'moyo wawo kudzandisamalira m'chikuta, amandiphikira phala, amachapa tizovala ta mwana, koma iye akangolira amatuluka m'chipindamo. Mukudziwa kuti dzina la mwana woyambayu tinawasiyira iwo. Panopa ngakhale amuna anga a Kondie sindikudziwa kuti ndiziwaitana bambo a ndani.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi msewu wathu. Timakhala pamwamba pa kamtunda, ndipo kamsewu kathu kamatsetsereka mpaka kukalowa mumsewu waukulu momwe mumadutsa mabasi. Sinowo, chisanu choyera chija chimagwa ngati ufa n'kuunjikana pansi, akagwa, malole a khonsolo amayenda m'misewu ikuluikulu. Kutsogolo amakhala ndi chikhasu chokankhira sinowoyo m'mbali, kumbuyo akumwaza mchere wosakaniza ndi timiyala kuti pansi pasaterere. Kukamsewu kathuka safikako. Anangotiikira bokosi lachikasu la mchere womwewo kumunsi kwa msewu, aliyense amakatapa ndi fosholo n'kumwaza pakhomo pake.

Amayi atangofika ankatiseka ndi majekete athu. Ankati munthu wobadwira ku Dedza sangaope kuzizira, chisanu cha mu Juni anakula nacho. Sinowo woyamba atagwa anaima pawindo nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti nanga matenda akandiyamba msewu uli chonchi, galimoto idzatuluka bwanji. Ndinawayankha mwachibwana kuti Mulungu adzaona. Sindinadziwe kuti iwo nkhaniyo aitenga ngati ntchito yawo.

Inu mumawadziwa amayi, sangadzuke osasesa pabwalo. Tsache litakanika, anaganiza zamadzi. M'mawa uliwonse ine ndikugona ankawiritsa madzi m'ketulo ndi m'mapoto, n'kudzaza ndowa, n'kukathira pamakwerero, kuzungulira galimoto ndi pamsewu kutsogolo kwa matayala. Sinowo ankasungunuka iwo akuona, phula n'kuonekera lakuda bwinobwino. Ankabwerera m'nyumba mtima uli m'malo kuti njira ya mwana wawo ndi yotsegula. Sankadziwa kuti kuno madzi ukawathira panja, pakangopita kanthawi amaundana n'kukhala ngati galasi, ndipo oundana oterewa saoneka ndi maso. Amaoneka ngati msewu wangonyowa.

A Kondie anawaona. Ichi ndi chomwe chimandiwawa mpaka lero. Ankati akamabwera kuchokera kuntchito m'mawa, amapeza apongozi awo ali ndi ndowa pakhomo. Inu mukuganiza kuti ananena kanthu? Ankaima patali, kupereka moni atayang'ana pansi, kudikira kuti amayi alowe, kenaka n'kutsika ndi fosholo kukatapa mchere n'kudzamwaza pomwe pathiridwa madzipo. Wina kuthira, wina kumwaza, osalankhulana. Ine sanandiuze, akuti ankaopa kuti BP yanga ikwera.

Nditazidziwa, zomwe ndikuuzenizi zitachitika kale, ndinawakalipira kwambiri. Ndinawafunsa kuti ulemu wake ndi wotani woti anthu n'kufa nawo. Iwo anangoti sanaleredwe kuti aziuza apongozi kuti alakwitsa, makamaka apongozi amene akugona m'nyumba mwawo ngati mlendo. Komatu ulemu womwewo ndi umene inu ndi amalume munawayamikira nawo pachinkhoswe.

Tsiku lomwe matenda anandiyamba kunali kutazizira kuposa masiku onse. Ndinayamba kumva msana kukucha, amayi anangondiyang'ana kumaso n'kudziwa. A Kondie ali kalikiliki ndi foni kulankhula ndi azamba akuchipatala, amayi anatsika mwakachetechete n'kuika pamoto mapoto onse a m'nyumba muno. Tsiku limenelo sanathire pakhomo pokha. Anatsika ndi ndowa mumsewu momwe, kuti galimoto ipeze poyenda. Kenaka kunawaza sinowo wochepa chabe, n'kuphimba zonse.

Azamba anati tibwere. Ambulansi kuno saitumiza msanga kwa mayi amene angathe kufika yekha, ndipo tsiku limenelo inali ndi anthu ambiri ogwa m'misewu. A Kondie chifukwa chothamanga za mchere anaiwala, komanso m'bokosi muja unali utatsala wochepa. Anandikhazika kumbuyo, amayi pambali panga atanyamula chikwama cha mwana.

Ndiyenera kuwanenera zoona a Kondie, sanayendetse mwachibwana. Pali aneba athu a Hassan, bambo wachikulire woyendetsa takisi, amene anawaphunzitsa zoyendera pa madzi oundana chaka chomwe tinasamukira kuno. Anawauza kuti azinyamuka pang'onopang'ono, potsika aziika giya yaing'ono, chiwongolero azichigwira mofatsa, ndipo galimoto ikayamba kuterera asaponde buleki mwamphamvu ngakhale mtima utafuna bwanji. Anawauzanso kuti nyengo ino galimoto azisiya kumunsi ngati momwe amachitira iwo. Langizo lomalizali ndi lomwe a Kondie sanatsatire, sankafuna kuti ine nditsike kamtundako wapansi ndi mimba.

Tinangosuntha pang'ono, ndinamva kuti galimoto yapepuka. Phokoso la matayala linatha. Kumbuyo komwe tinakhala ife kunayamba kutembenukira kumanzere, ndipo pawindo langa ndinaona zitseko za aneba zikudutsa chimodzichimodzi, pomwe ndinayenera kuona msewu. A Kondie maso anali pamsewu. Ndinkangoona khosi lawo litauma, manja akutembenuza chiwongolero pang'ono kutsatira komwe kumbuyo kukupita. Galimoto inawongoka, koma kuima ayi. Inkangotsika, liwiro likuwonjezeka.

Kumunsi ndinaona basi ikubwera mumsewu waukulu. Achemwali, ndinaopa kuposa mmene ndinaopera m'moyo wanga wonse. Nthawi yomweyo kupweteka kunandigwiranso, ndinalephera ngakhale kukuwa. Amayi anaponya chikwama pansi, anamasula lamba wawo n'kudzandikuta pamimba ndi thupi lonse, dzanja limodzi atatsamiza pampando wakutsogolo. Ankangotchula dzina la Yesu chapansipansi.

Lole yokankha sinowo ija ikamadutsa imasiya mulu pakamwa pa kamsewu kathu, ndipo masiku onse timaudandaula kuti umatitsekera njira. A Kondie analunjika pamulu umenewo dala. Tinaugunda, galimoto inakwera pang'ono n'kukatsamira bokosi lachikasu lija, n'kuima. Basi inadutsa kutsogolo kwathu pafupi kwambiri moti ndinaona nkhope ya mayi wina atakhala pawindo, atagwira pakamwa.

Anthu anatuluka m'nyumba. A Hassan anabwera akuyenda motsamira mipanda, anatitulutsa n'kutilowetsa mu takisi yawo yomwe inali pomwepo mumsewu wothiridwa mchere. Tisananyamuke anayang'ana kumtunda. Pomwe matayala athu anapala sinowo, madzi oundana ankanyezimira kuyambira pakhomo pathu penipeni. Anafunsa a Kondie ngati paipi yaphulika kwathu. A Kondie anati mwina. Amayi anafunsa kuti bamboyo akuti chiyani, a Kondie anawanamiza kuti akufunsa za galimoto. Koma maso amayi ali nawo. Anayang'ana kumtundako mpaka tinakhota, ndipo tili m'njira ananena motsitsa, osayang'ana aliyense, kuti aja ndi madzi awo.

Mwana anabadwa madzulo a tsiku lomwelo, wathanzi, wolira mokweza ngati inu amayi ake aakulu. Amayi dzanja linatupa pamkono, anawamanga bandeji, koma fupa silinathyoke. Galimoto inaphwanyika kutsogolo, ili kugalaja, a Kondie akupita kuntchito pa basi. Zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Namwino atabweretsa mwana kuti agogo ake amulandire, amayi anabisa manja kumbuyo. Ndinkayesa ndi chifukwa cha bandejiyo. Bandeji anachotsa kale, manja akadali kumbuyo.

Ndayesa kulankhula nawo. Ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka, ndipo palibe amene wafa. Anandiyankha kuti munthu amene anatsala pang'ono kupha mdzukulu asanaone dzuwa alibe pakamwa pomutchulira dzina, ndi bwino apatsidwe ndi akuchimuna. A Kondie nawo akuti mlandu ndi wawo chifukwa anaona osanena. Tsono ndili ndi anthu awiri m'nyumba, aliyense akulimbirana mlandu, ndipo sangakhale pansi n'kukambirana chifukwa ndi mkamwini ndi apongozi. Amapatsana moni pakhomo la khitchini basi. Dzulo amayi anandifunsa ngati tikiti yawo ingasinthidwe kuti abwerere msanga. Ndinakalira kubafa.

Kuno mwana amayenera kukalembetsedwa kuboma pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ndipo nthawi ikutha. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzationa, a Peace ndi anzawo a ku Zambia aja, anabweretsa nkhuku ndi chitenje. Atafunsa dzina ndinangoti tikuganizabe. Amayi anadzuka n'kupita kukatsuka makapu oyera kale.

Chomwe akuchita tsopano n'chakuti m'mawa uliwonse amavala jekete la a Kondie n'kutsika kubokosi kuja, lomwe a khonsolo analidzazanso. Fosholo saifuna, amati imawononga mchere. Amautengera m'beseni n'kumamwaza ndi dzanja ngati akufesa mawere, kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, pakhomo pa aliyense. Mayi wina wachizungu wokalamba, dzina lake Laura, anawabweretsera magolovesi. Aneba onse akuwadziwa, amawabayibitsa pawindo, ndipo chiyambireni zimenezi palibe amene waterereka mumsewu muno. Lero ndinawaona atalowa, anaotha manja pa hita kwa nthawi yaitali mpaka anafunda. Anapita pomwe panagona mwana, anawerama, anamuyang'anitsitsa. Kenaka anabwezanso manja kumbuyo n'kutuluka.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Muwaimbire amayi Lamlungu lino mukachoka kutchalitchi, ine ndidzawapatsa foni n'kutuluka. Inu amakumverani, ine amandiona ngati mwana. Musawauze kuti sanalakwe, sangakhulupirire, ndipo adzadziwa kuti ndakutumani. Mungowafunsa kuti dzanja lawo linatupa likuchita chiyani. Ine ndinaliona, linali pakati pa mimba yanga ndi mpando wakutsogolo. Muwauze kuti mwanayu anamunyamula kale tsiku lija asanabadwe, chomwe chatsala n'kumutchula dzina basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zija sindinaiwale. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Chimbiya, kwa achimwene a Elton ndi banja lawo, ndi kwa ana anu onse. Amalume musawafotokozere nkhaniyi, angayambe kuitanitsa msonkhano wabanja pa foni amayi n'kuchita manyazi koposa. A Kondie akupereka moni, akuti muwapempherere.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu,
Fyness,
pamodzi ndi mwana wanu wamkazi amene akudikirabe agogo ake kuti amuitane.