Ndani Wakhudza Furiji Yanga

Gulu: Bala ya Dona Neide

Loweruka

[11:02] Dona Neide: ndani wakhudza furiji ya mowa

[11:03] Dona Neide: kasitomala wathu Seu Adalberto anditumizira chithunzi. mowa mu tambula ya vinyo, pamwamba tsamba

[11:09] Wanderlei: mwadzuka bwnj apongozi, bondo likupola?

[11:09] Dona Neide: bondo ndi la dokotala. ndafunsa za furiji

[11:12] Wanderlei: ndangoichepetsa mphamvu. ku maphunziro a za mowa aja anati mowa ukazizira kwambiri sumveka kukoma

[11:13] Dona Neide: akamwini, mowa wathu uja suli wolawa. botolo lizituluka loyera ndi ayezi ngati lagwa mu ufa, basi

[11:14] Wanderlei: ndipo aliyense tikumupatsa tambula yake yaikulu, n'zaukhondo

[11:15] Dona Neide: 🎤 (0:19) "Botolo limodzi pakati pa tebulo, timatambula tating'ono, lithe lisanafunde! Wothirira anzake ndiye amayamba nkhani. Madoda aja amabwerera zimenezo. Iwe wawagawira aliyense msuzi wake wofunda ngati ali ku chipatala kuno!"

[11:20] Cida: amayi plz, BP yanu

[11:20] Dona Neide: iwe unali kuti mwamuna wako akuchita zonyansazi

[11:21] Dona Neide: torresmo, chikopa cha nkhumba chija, mwakazinga?

[11:34] Dona Neide: Cida

[11:36] Cida: wachotsa. akuti chikopa cha nkhumba mafuta. chinangwa chokazinganso wachotsa

[11:36] Dona Neide: ndiye akudyera chani mowa

[11:37] Cida: mango ndi tchizi pa kamtengo

[11:37] Dona Neide: Ambuye

[11:38] Dona Neide: tebulo la pakona la Adalberto ndi anzake lija ndi limene lagwira bala imeneyo chimwalirire bambo ako. Adalberto akadzuka onse amutsatira

[11:40] Wanderlei: azolowera apongozi, anthu amasintha

[12:05] Cida: amayi, madoda aja adzuka

[12:05] Cida: awoloka msewu, akhala ku bala ya Tião. anyamula ndi ma domino awo

[12:06] Dona Neide: kwa Tião!! munthu wokazingira mafuta a sabata yatha

[12:07] Wanderlei: osadandaula, ndikupita kukawanyengerera

[12:07] Dona Neide: Cida bweza furiji pomwe inali. ika mafuta pamoto. chikopa chili pansi mu furiji yaing'ono, uchiwaze mchere

[12:08] Cida: ok

[12:50] Dona Neide: Wanderlei abwera?

[13:15] Dona Neide: Wanderlei

[13:22] Cida: 📷 chithunzi

[13:22] Cida: Wanderlei ndi uyo wa malaya abuluu pakati pawo

[13:23] Dona Neide: m'manja mwake ndi chani

[13:23] Cida: torresmo ya Tião. ndipo ndi iye akuthirira anzake kkkk

[13:24] Dona Neide: botolo?

[13:24] Cida: loyera mbee

[13:31] Dona Neide: ndapempha takisi ndikubwera komweko, anamwino usawauze

[13:31] Dona Neide: mango aja usataye. ndi chakudya cha mwamuna wako mpaka athe