Boti Lokwana Pakati pa Mizati ya Bambo

Grimstad, Norway
Mwezi wa Epulo

Mlongo wanga Bodil,

Viggo Kromann, mwamuna wakoyo, akadali moyo? Ndayamba ndi iyeyo chifukwa ndikufuna kalatayi umuwerengere mokweza, ndipo ayambe wavala timakina take ta m'makutu tija. Nanga iweyo uli bwanji? Chiuno anachita opaleshoni chija chikukulola kukwera njinga? Ine ndili bwino ndithu. Adokotala akuti mtima wanga ukudumphadumpha. Ndinawauza kuti unayamba kale zimenezo, chaka chimene Viggo anatentha boti la bambo.

Iwenso sunaiwale. Bambo atamwalira ine ndinali m'sitima ya panyanja, kutali. Pa moto wa pakati pa chilimwe, uja timakoleza kugombe, Viggo anakokera boti lawo pa mulu wa nkhuni n'kunena kuti linali lowola. Silinali lowola. Phula ndinalipaka ndekha ndisananyamuke. Iye ankadziwa lamulo la padoko pathu, loti malo ndi a banja malinga ngati boti la banjalo likugona pamenepo. Phulusa lisanazizire, boti lake la injini linali kale pakati pa mizati iwiri imene bambo anakhoma ndi manja awo. Kumsonkhano wa doko anauza anthu kuti ine Ejnar ndasanduka wa ku Norway, sindidzabweranso. Tsopano umuuze kuti ndikubwera. Mlandu suwola.

Nyumba ndagulitsa. Chimwalirire mkazi wanga inkangondikulira. Ndinaganiza zogula boti la matanga loti ndizikhalamo, ndipo nkhondo inayambira pomwepo.

Mwana wanga Tove ndi mwamuna wake Halvor ananditengera kukaona lalikulu. Loyera mbee, m'kati muli chimbudzi, bafa la madzi otentha, ndi bedi ngati la kuhotela. Halvor ankasisita chiwongolero ngati wapeza mkazi wachiwiri. Akuti apongozi tengani ili basi, ife tizibwera kudzakuthandizani Loweruka lililonse. Ndinamufunsa kuti adzandithandiza chiyani munthu amene amasanza ngakhale pa pantoni. Anaseka, n'kunena kuti ndine nkhalamba yaliuma, bola nangula amavomera kuzulidwa.

Tove sanaseke. Anati nyanja ya pakati pa Norway ndi kwathu si dziwe ayi, boti lalikulu limadula mafunde pamene laling'ono limangovina, nanga mtima ukadzandigwira ndili pakati pa madzi ndidzaitana ndani. Sananame mwanayu. Lalikulu limayendadi bwino panyanja yolusa, zimenezo sindingatsutse. Koma thanga lake ndinayesa kulikweza ndekha, lisanafike n'pakati pomwe ine maso anali atachita mdima. Ndinamuuza kuti boti lofuna anthu atatu limangogona padoko kudikira anthu atatuwo, ndipo ine nthawi yodikira ndilibe.

Laling'ono ndinalipeza ndekha kuseri kwa shedi ya msodzi wina. Ndi lakale, utoto wayamba kusupuka. Ukaimirira m'kati umagunda mutu, chimbudzi chake ndi ndowa. Koma zingwe zonse zimafika pamene ndimakhala, ndipo thanga ndimalikweza osapuma wefuwefu. Msodzi uja anadabwa atandiona ndagona chopingasa pamwamba pake, manja nditatambasula. Anandifunsa ngati ndikuyesa bokosi la maliro. Ndinati ndikuyesa khomo la kwathu. Sukulu ndinalekeza panjira, koma mpata wa pakati pa mizati ya bambo ndimaudziwa ndi thupi langali: mkwamba umodzi ndi theka, kuwonjezapo chikhatho mbali iyi ndi mbali iyo. Laling'onoli likukwana bwinobwino. Lalikulu lija silingalowe, ndiponso pansi pake mpozama, lingakhule mchenga pakhomo pa doko. Likanakaima kudoko latsopano kuja, kumene Ajeremani amaimika awo pa tchuthi, ine n'kumadula tikiti pamakina ngati mlendo. Pachilumba pamene ndinabadwira!

Ndagula laling'onolo. Tove anati ndasankha boti chifukwa cha mitengo iwiri yakale ndi munthu mmodzi. Ndinati eya, wanena zoona. Analira pang'ono, kenako anakandigulira jekete loyandamitsa munthu ndi wailesi yoitanira thandizo, n'kundilumbiritsa kuti ndizidzimangirira ndi lamba. Ndavomera. Ndiyenda m'mphepete mwa Sweden, doko ndi doko, masana okhaokha, mphepo ikalusa ndizikhala pansi n'kumamwa khofi. Halvor tsopano ndi amene akundithandiza kupala utoto, ndipo pamtunda amagwira ntchito ngati munthu.

Usade nkhawa kuti ndidzakuvutitsa. Chipinda m'nyumba mwako sindikufuna, ndizigona m'boti. Ukadzandipatsa buledi wakuda wa kwathu ndi kansomba ka m'viniga, ndidzathokoza. Wa kunoyu amakhala ngati keke.

Undiperekere moni kwa ana ako onse ndi adzukulu, kwa msuweni wathu Aksel ngati akadazindikira anthu, ndiponso kwa azakhali a Thyra kunyumba ya okalamba kuja. Tove akukupatsa moni, akuti undiletse. Usayese n'komwe.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Kupepesa kwa Viggo sindikukufuna, adzakapepese kwa bambo akadzakumana. Achotse boti lake lija. Ndamva kuti lamera ndere pansi ponse, silinatulukepo chiyambire maso ake kufooka. Ndikadzakhota pa nyali ya doko mu Juni, ndidzapeze pakati pa mizati pali madzi okhaokha. Akakana, langa ndidzalimangirira ku lakelo, ndipo ndizidzagona momwemo mpaka mmodzi wa ife atanyamulidwa kupita kutchalitchi.

Tsala bwino.

Ndine mlongo wako,
Ejnar