Girisi pa chitenje chanu chobiriwira

Amayi anga, kaya kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mbatatesi yachita bwino chaka chino, ndipo mkazi wa Madalitso wachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Koma ndikulemba mtima uli m'mwamba, ndipo wandikwiyitsa ndi Madalitso yemweyo, chitsirizira wanu uja munkamulekerera.

Mukukumbukira chitenje chanu chobiriwira chomwe munkavala popita ku mapemphero a Lachinayi? Chichokereni inu sindinachichape, chifukwa chimanunkhirabe inu, mafuta anu odzola aja ndi kautsi pang'ono. Sabata yatha ndinachiyanika pachingwe kuti chipitidwe mphepo. Tcheni cha njinga yake yamoto chinavuta iye akuthamangira ku Lizulu ndi matumba a mbatatesi, ndiye atakonza anangosolola chitenjecho n'kupukutira manja. Girisi bii, pakati penipeni! Pomufunsa akuti, "Achemwali, si nsalu basi? Muchapa." Nsalu basi! Munkati madzi akatayika saoleka. Ndikudziwa, Amayi, koma awa si madzi.

Chondipweteka n'choti sayansi ya zimenezi ndimaphunzitsa ndine, ana a Fomu 3 ku Champiti kuja. Ukanakhala mchere bwenzi nkhani itatha, poti tizidutswa take tili ndi mphamvu ya magetsi, madzi amatikoka n'kutimwaza. Koma mamolekyulu a madzi amagwirana okhaokha zolimba, girisi samupatsa malo pakati pawo. Ndayesa kupukuta ndi kansalu konyowa, iye ali phee. Chingamuchotse ndi sopo, amene mbali ina amagwira madzi, mbali ina mafuta. Tsono fungo lanu nalonso lili m'mafuta, ndipo langogwira ulusi mofooka. Sopo sasankha. Akanyamula girisi wa Madalitso, anyamula ndi inu nomwe. Pabolodi zimenezi ndimalemba mosavuta, koma lero zandiliza.

Ndiye beseni lakhala pakhonde masiku onsewa, sopo ali pambali, ine kumangozungulira. Mlamu wanga, mkazi wa Madalitso, akuti mwina ndapenga. Mwinadi.

Ndaganiza chonchi. Khanda lija likatuluka m'chikuta, ndidzalifunditsa chitenje chanu, mbali yopanda girisi, ligonemo tulo kamodzi. Nkhope yanu silinaione, koma fungo la agogo ake lokha lilimve. Likadzuka ndidzachichapa ndi manja angawa, ndalonjeza. Madalitso adzatunga madzi ake, afune asafune.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Esinati