Botolo la Mpweya la a Howard

Lolemba, 5 Okotobala 1998

Amuna anga a Howard abwerako ku tchuthi ku Nkhata Bay. Ine ndimadikira usipa. M'malo mwake chikwama: galasi lovala kumaso, nsapato zonga mapazi a bakha, ndi chibotolo chachitsulo cholemera kuposa mwana wathu Tikondane. Ati muli mpweya. Munthu kulipirira mpweya pa minibasi, chikhalirecho kuno ku Phalombe mphepo ya m'phiri imatisasulira madenga ulere!

Mnzawo Wanangwa, amene amaperekeza alendo pansi pa nyanja, wawaphunzitsa kumira, ndipo wawabwereka zonsezi mpaka mwezi utatha. Za ndalama ya feteleza sindinafunse. Akondwa ngati mwana, ndiye ndingatani. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lachitatu, 7 Okotobala

Chibotolo ndachitulutsa kukhitchini, chingatiphulikire. Tsopano chikugona pafupi ndi kama ngati mkazi mnzanga.

Madzulo sukulu pakhonde, ophunzira ine ndi Tikondane. Pansi pa madzi osasunga mpweya m'chifuwa, uzingopuma. Makutu akayamba kuwawa, tsina mphuno n'kuuzira pang'ono. Pokwera osathamanga, thovu lako lizikhala patsogolo. Ukakhala ndi chimfine kapena walawako mowa, khala kumtunda. Koma lalikulu kuposa onse: osalowa wekha, zivute zitani. Awiriawiri, wina kuyang'anira mnzake. Ati Wanangwa anachita kuwalumbiritsa asanawapatse botolo.

Tikondane wazungulira bwalo lonse atavala nsapato za bakha. Nkhuku balala.

Loweruka, 10 Okotobala

Anapita ku Chilwa kukayesa galasi, botolo anasiya. Madzi olekeza m'chiuno, matope okhaokha. Ati ngakhale dzanja lawo samaliona. Asodzi anaimika mabwato kuonerera mlangizi wa zaulimi akukwawa ngati mlamba. Abwera ndi matemba aulere, achipepeso. Ndiwo zapezeka, sindidandaula.

Lachitatu, 14 Okotobala

Tsopano maso ali pa dziwe la kumtunda kwathu, kufupi ndi Fort Lister. Lakuya, lozizira, madzi oyera. Akusaka mnzawo wolowa naye. Botolo ndi limodzi, koma ati lili ndi mapaipi awiri opumira.

Ku ofesi onse akana. A Makina anayankha kuti iwo nsomba amakumana nazo m'mbale basi. Amalume anangoti dziwe lija lili ndi eni ake, n'kupitiriza kusema mpini.

Ndikuseka nawo, koma mtima suli m'malo. Madzi a Napolo a mu '91 anatenga mlongo wanga Jonasi, mtembo sitinauone mpaka lero. Kuyambira pamenepo ine mtsinje ndimalekeza mu akakolo. A Howard akudziwa. Nthawi imeneyo anali asanabwere kuno, kwa iwo ndi nkhani yongomva.

Lachisanu, 16 Okotobala

Galasi lapukutidwa kawiri. Njinga yapopedwa. Ati mawa akukayendera alimi. Loweruka? Ndi chikwama chija?

Ndawakumbutsa lumbiro. Iwo, maso ali pa tayala: "Kanthawi kochepa chabe, mayi a Tikondane. Mpweyawu ubwerere osaulawa?"

Sindinakangane nawo. Ndikuwadziwa, ukawakaniza m'pamene amalimbikira. Akalowa okha, paipi n'kukola pamwala, adzawaona ndani? Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiya. Tikondane ndamupemphera kuti mawa aswere kwa Anastazia woyandikana nafe.

Loweruka, 17 Okotobala

Ndilembe ndisanagone.

Mamawa ndinangokwera pa keliyala, chikwama pamiyendo. Ndinati ndikukaona amayi, njira ndi yomweyo. Sakanakana. Pamtunda iwo wefuwefu, kupalasa.

Padziwe panalibe munthu. Anati ndipitirire kwa amayi, andipeza. Ndinakhala pamwala kuwaonerera akuvala: botolo kumsana, galasi, nsapato za bakha. Atangoponda m'madzi, ine ndinakwinda chitenje, kuvula nsapato, n'kulowa pambuyo pawo.

Kuzizira kwake! Akakolo. Maondo. Chiuno. Miyala yoterera ngati therere. Anatembenuka, kulavula paipi, n'kufunsa chimene ndikuchita poti kusambira sindidziwa.

"Lamulo lanu lomwe lati awiri. Mnzanuyo ndine, bambo a Tikondane. Ndipatseni paipi inayo."

Anati ndisachite masewera. Ndinapondanso patsogolo. Madzi m'chifuwa, kutsogolo kwanga kuli bii, pansi osaoneka. Ndinaganiza za Jonasi. Anandigwira mkono mwamphamvu, mpaka pano pali zala zawo, n'kuyamba kundikokera kumtunda. Koma nsapato za bakha sizidziwa kuyenda pamiyala. Tonse awiri khuu, pamadzi osaya, iwo chagada ngati kamba, botolo pansi miyendo m'mwamba. Ndinamwa madzi, kutsokomola, kenako kuseka, kenako kulira.

Tinakhala pamwala nthawi yaitali. Anamasula malamba a botolo okha, osauzidwa.

Titauma pang'ono anandiveka galasi. Ndinagwada m'mbali mosaya, iwo atandigwira m'chiuno, n'kuviika nkhope. Nkhanu ikuyenda chammbali. Tinsomba. Zala zanga zonenepa ngati chinangwa. N'kokongola pansi paja, sindikana. Ndawamvetsa pang'ono.

Kwa amayi tinafika zovala zili chinyowere. Ndinati tinaphonya powolokera. Amayi anayang'ana chikwama, kuyang'ana mkamwini wawo, n'kutiphikira tiyi.

Lachitatu, 21 Okotobala

Botolo lakwera basi dzulo, kubwerera kwa Wanangwa lili chodzadzire. Kuchipinda kwatakasuka. Ku ofesi akuuza anthu kuti dziwe lija analipeza losaya, losayenera munthu wophunzira ngati iwo. A Makina andifunsa pamsika ngati n'zoona. Ndati zoona ndithu, ndinaliko.

Madzulo ano ndikusadzula masamba, iwo akukonza tcheni cha njinga. Mosandiyang'ana andifunsa ngati ndikadapitiriradi mpaka pakuya paja, iwo akadapanda kubwerera.

Ndati kaya, ndingadziwe bwanji.

Koma ndikudziwa. Ndikadapita.