Amene Sanayankhe Sanakwere

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Glasgow ndilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndikuuzani chifukwa chake, koma ndiyambe ndi nkhani zabwino, paja inu simunkafuna munthu wolowa m'nyumba ndi madandaulo asanapereke moni.

Achimwene a Limbani ali ndi mwana wamkazi ndipo anamupatsa dzina lanu. Pa chithunzi chimene anatumiza, chipumi chake ndi chanu chenicheni. Chaka chatha kumudzi anakolola chimanga chokwanira, mtedza ndi umene unakana. Chaka chino mvula inachedwa, komabe akuti chimanga chafika m'mawondo. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, analikhoma kale. Mdzukulu wanu Chisomo wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo aguluka, ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Chizungu chake ndi cha kuno, moti ngakhale ine ndimachita kumuuza kuti abwereze. Ndikati wadzuka bwanji, amangoti "Aye, fine." Chichewa chimene amachigwira bwino ndi "agogo" ndi "ndatopa".

Tsopano nkhani yanga ndi ya galimoto, ndipo palibe wina amene angaimve ngati inu, amene munayendetsa ambulansi ya kumishoni zaka zonse zija, amuna akukunenani kuti mzimayi sangathe mapiri a ku Ntcheu.

Chilimwe chatha bambo a Chisomo anasinthitsa galimoto yathu yakale ija ndi ina yatsopanoko. Iwo kusukulu kwawo ku Hillhead amapita pa basi ndi sitima yapansi, ndiye woyendetsa ndine. Ntchito yanga idakali yomwe ija, yosamalira okalamba m'makomo mwawo. M'mawa ndimasiya Chisomo kusukulu, kenako ndimazungulira makomo asanu ndi limodzi, kuyambira kwathu kuno ku Shawlands mpaka ku Gorbals, kusambitsa, kumwetsa mankhwala ndi kuphika phala. Popanda galimoto makomo amenewa sungawamalize.

Galimoto imeneyi, Amayi, mukanaiseka. Ilibe magiya oti usinthe, injini yake simveka, ndipo imalira tibelu pa chilichonse ngati mwana wodandaula. Bambo a Chisomo amati kukoma kwake ndi kumeneko, imakuganizira zonse. Chimene anachinyadira kwambiri ndi galasi loonera kumbuyo. Maonekedwe ake ndi a galasi wamba, lili pamalo pomwe paja, koma si galasi ayi. Ndi kawailesi kakanema. Kunja, kumbuyo kwa galimoto, kuli kakamera kochepa ngati batani la malaya, ndipo zimene kakuona ndi zimene zimabwera pagalasipo. Nthawi yotentha zinkaoneka bwino zedi, msewu wonse uli mbee. Chimene sindinachiganizire ndi chakuti galasi limeneli silionetsa m'kati mwa galimoto. Mpando wakumbuyo, pamene amakhala mwana, suonekamo.

Ndiye kwafika dzinja la kuno. Dzuwa limatuluka anthu atapita kale kuntchito, ndipo misewu amaithira mchere kuti isaterere. Mcherewo ukasakanikirana ndi chipale chosungunuka umasanduka matope otuwa, ndipo matayala amawaponyera kumbuyo konse kwa galimoto. Galimoto ikagwidwa ndi madzi oundana, tibelu tija timangolira ngakhale palibe kanthu, mpaka ine ndinazolowera kusatimvera.

Linali Lachisanu, masiku asanu ndi anayi apitawo. Tinatsika masitepe titachedwa, kunja kudakali kamdima, kukuzizira kobaya m'mafupa. Mumsewu mwathu magalimoto amaima mopanikizana m'mbali, ndiye kuti utuluke umayamba wabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinapala madzi oundana pagalasi lakutsogolo, ndi kuthamangira m'kati chifukwa zala zinali zitauma. Ndinamva chitseko chakumbuyo chikutseguka, chikwama chikugwera pampando, chitseko ndi kutsekeka. Mumtima ndinati mwana wakwera.

Nditayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, panali chifunga chokhachokha. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinalipukuta ndi mkono wa jekete, ngati mmene munkachitira inu fumbi likadzaza mu ambulansi. Ndinapukuta kawiri, osasintha. Sindinaganize n'komwe kuti litsiro lili kunja, pa kakamera kaja, osati pamene ndikupukutapo. Kakanema kena koonetsa kumbuyo, ka pafupi ndi chiwongolero, nakonso kanali kotuwa chimodzimodzi. Ndinayang'ana wotchi, ndinakumbukira agogo aamuna a ku Gorbals amene sadya kanthu ndisanafike, ndipo ndinaika rivesi. Tibelu tinali kulira monga mwa masiku onse.

Galimoto itayamba kusuntha, pakamwa panga panatuluka mawu okha, ndinati, "Chisomo, wamanga lamba?" Kunali zii. Amayi, mwana ameneyu salekeza kulankhula ngakhale akutsuka mano. Pomwepo ndinamva mawu anu, mmene munkanenera pabwalo la chipatala muja mukanyamula odwala ndi owadikirira, mukuitana aliyense ndi dzina lake musanachotse phazi pabuleki: "Amene sanayankhe sanakwere." Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse.

Nditatembenuka, pampando panali chikwama chokha. Sindikudziwa mmene ndinatulukira. Ndinamupeza kumbuyo, atakhala pansi m'matope a chipale, golovesi yofiira ili m'manja. Inali itamugwa potsika, ndiye anaponya chikwama m'galimoto n'kubwerera kukatola. Bampala inangomukankha paphewa ali chowerama. Tayala linaima pafupi ndi nsapato yake, mpata wake wosakwana chikhatho changa. Iye anangodandaula kuti siketi yanyowa. Ine ndinagwada m'matopemo n'kumugwira miyendo, manja, mutu, mpaka anayamba kuseka kuti ndikumugirigisha. Tsiku limenelo tinapita kusukulu wapansi.

Kuyambira pamenepo sindinalizenso injini. Ndikangogwira makiyi ndimawabwezera pomwepo, ndipo ndikatseka maso ndimaona golovesi yofiira ija. Ndikuchita mantha, Amayi, mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Sabata yonseyi ndayenda pa basi, ndipo khomo lililonse ndafika mochedwa. Agogo a ku Gorbals aja ndinawapeza Lachitatu atakhala pampando ndi zovala zogonera mpaka dzuwa litakwera, akundidikira. Abwana anga anandiimbira dzana, Lachisanu. Analankhula mwaulemu, paja anthu a kuno amakudzudzula akumwetulira, koma anati ngati Lolemba sindikhala pa galimoto, makomo anga apatsa wina. Mukudziwa kuti chilolezo chathu chokhalira kuno chinamangirira pa ntchito imeneyi. Lolemba lake ndi mawa.

Bambo a Chisomo sindinawauze. Ndinangoti misewu ikuterera. Chisomo anawauza kuti anagwa m'chipale, iwo n'kumuseka, ine ndili kusinki nditawafulatira. Lero kutchalitchi amayi a chigwirizano anandifunsa kuti bwanji ndabwera pa basi, ndinayankha kuti ndikufuna kuchepetsa thupi. Anaseka, ine ndinaseka nawo. Inu mukanandiyang'ana kamodzi kokha n'kudziwa.

Masiku onsewa ndakhala ndikukumbukira mmene munkayambira ulendo. Ngakhale namwino akukuwa kuti wodwala wafooka, inu munkatulutsa kansalu kachikasu kaja m'thumba la yunifolomu, n'kuzungulira galimoto yonse. Munkapukuta magalasi, kumenya tayala lililonse ndi phazi, kenako n'kuwerama kusuzumira pansi. Munkati, "Pansi pa galimoto ndi pamthunzi, nkhuku ndi ana amapadziwa." Ife tinkakusekani kuti mukuvina. Pondiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira lija munandizungulitsa mpaka ndinakwiya, ndipo nditabwera kuno ndinazungulirabe zaka zingapo. Ndinasiya chifukwa cha kuzizira, komanso chifukwa ndinkachita manyazi ndi anthu oyang'ana m'mawindo. Galimoto yatsopanoyi itabwera ndinati basi, ili ndi maso ake.

Ndakumbukiranso mmene munkasangalalira ndi chiwongolero. Pokwera chitunda munkatsitsa giya, injini n'kubangula, inu n'kuiyankha kuti, "Tiye, mwana wanga, tiye." Windo lili lotsegula, duku likuuluzika, fumbi m'mano. Tsiku lina ndinakufunsani chimene chimakoma pa kuyendetsa, ndimayesa munena liwiro. Munaloza galasi n'kuti, "Ndimaona nkhope zanu zikudumpha pa mabampu." Galimoto yangayi imathamanga kuposa ambulansi yanu, simva mabampu, mipando yake imafunditsa, koma miyezi yonseyi sindinaonemo nkhope ya mwana wanga. Ndipo sindinazindikire kuti ndikuisowa.

Masana ano titabwera kutchalitchi, bambo a Chisomo ali pa mabuku awo, ndinatsegula sutikesi ija ndinabwera nayo kuchokera kumaliro anu. Pogawa zovala zanu, azakhali anadabwa kuti ndasiya zitenje n'kusankha kansalu kachikasu kakutha. Ndinakatenga, ndinagwira Chisomo padzanja, tinatsika. Ndinazungulira galimoto yonse, mwana akunditsatira. Kakamera kaja ndinakapeza katamatidwa ndi mchere wouma, ndinakapukuta, kenako ndinawerama kusuzumira pansi, mawondo ali m'madzi ozizira. Mayi wina wodutsa ndi galu anaima kufunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati ayi, amayi anga ndi amene anandiphunzitsa. Anagwedeza mutu n'kupitirira.

Tinalowa m'kati. Ndinatulutsa buku la galimoto limene sindinalitsegulepo, ndipo ndinapeza kuti pansi pa galasi lija pali kachitsulo kakang'ono. Ukakakankha, kanema amazima, limasanduka galasi wamba. Miyezi yonseyi kanali pomwepo, pafupi ndi chipumi changa. Ndinakakankha. M'galasimo munatulukira Chisomo, ali pampando pake, akunditulutsira lilime pa mpata wa mano uja. Ndinalira, Amayi, ndipo iye anadabwa n'kufunsa ngati walakwa.

Ndinamuuza kuti kuyambira mawa ndizimuitana dzina galimoto isanasunthe, ndipo aziyankha mwa Chichewa, mokweza. Tinayeserera katatu. Kachitatuko anakuwa "Ndakwera!" mpaka galu uja anauwa kumapeto kwa msewu. Koma injini sindinailize. Chala chinafika pa batani n'kubwerera. Sindikunamizani kuti mantha atha, akadalipo, ndipo akuti mawa m'mawa kugwanso chipale.

Ndikamaliza kalatayi ndikawauza bambo a Chisomo zonse, nsapato ndi tayala lomwe. Sindikudziwa kuti anena chiyani, koma sindingagonenso nazo. Ndipo mawa, kuzizire bwanji, tichedwe bwanji, anthu ayang'ane m'mawindo, ndidzazungulira galimoto ndi kansalu kanu, ndidzasuzumira pansi, ndipo phazi langa silidzachoka pabuleki mpaka mwana atayankha. Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Mpando wakutsogolo udzakhala wopanda munthu, ndachotsapo kale mapepala a kuntchito. Ndikamaliza kuitana Chisomo ndidzaitananso inu. Ndikudziwa kuti simudzayankha, ndipo ndikudziwa lamulo lanu. Koma kwa mawa lokha, Amayi, mundilole ndiliphwanye, ndinyamuke ngati mwakwera.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Tiyamike