Malo a Mbuzi Yothyoka Mwendo

Mana Genoveva,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo panu ku Malowera. Kodi msana uja wasiya kukuvutani? Ine kuno ku Tete ndili moyo, ngakhale dzuwa likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Ntchito ndi yomwe ija, yokweza mbuzi m'makamyau, malole opita ku Beira. Anzanga a ku univesidade amandidutsa pa galimoto atatseka magalasi. Azitseka, fungo la mbuzi silinaphepo munthu.

Zito, woyendetsa shapa, minibasi ya ku Fingoe, wandisimbira za khola lanu. Akuti munalimanga m'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi, ndipo mbuzi za mphere zija anthu ankataya kudambo tsopano zikuchita kunyezimira. Akutinso tiana ta mbuzi tamasiye mumatiyamwitsa ndi botolo, ndipo m'dzinja simupita kumunda musanazimangirire mbuzizo imodziimodzi pa msipu, kuti zisalowe m'chimanga cha eni ake.

Chimene chinandikomera kwambiri ndi cha a Horácio, aja anakutayirani tonde wodwala popita kokumba golide. Ndamva kuti ataona wanenepa anabwera ndi chingwe, inu n'kuwauza kuti tonde wawo anali wa mphere, akamupeza wotero m'kholamo amutenge. Ndinaseka mpaka patrau, bwana wanga, anandiyang'anitsitsa. Mukundidziwa, mana, ine kuyamikira munthu kumandiwawa pakhosi. Koma inu ndakugonjerani.

Tsopano vuto langa. Mbuzi ina yaikazi inathyoka mwendo tikuikweza. Ili ndi bere. Patrau anati woifuna aitenge isanamufere pamalo, anzanga n'kuyamba kukambirana za mchere ndi tsabola. Ndinainyamula ine, ndinaumanga mwendowo ndi timitengo, n'kuisunga kuseri kwa chipinda changa. Yayamba kuponda pang'ono. Koma yadya kuve, ndiwo zamasamba za dona Berta, eni nyumba, n'kutafunanso kapulana yawo, chitenje, ili pachingwe. Alamula kuti mwezi uno ukamatha ituluke mbuzi kapena ndituluke ine, ndipo mwana wawo akuiyang'ana ngati ili kale m'mbale.

Ndikupempha malo m'khola lanu. Zito wavomera kuifikitsa ku Fingoe. Alamu anga a Elídio akailandire ndi njinga, aigoneke m'dengu, ndipo asamange mwendo wothyokawo, wakumanzere wakumbuyo. Yankho mupatsire Zito yemweyo. Chisiyireni sukulu sindinapemphepo kanthu kwa munthu aliyense, choncho musandidikiritse. Mukati khola ladzaza, ndituluka nayo limodzi, tikagone kokwezera makamyau. Mpeni wa m'nyumba muno sukhudza khosi lake.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a ku Chipera, ndi kwa ana anu Telma ndi Adilson. A Horácio musawapatse.

Ndine mlongo wanu,
Adérito