Jabir Akugulitsa Dzina Langa

Johannesburg, 9 Juni

Okondedwa Amayi,

Assalamu alaikum. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja ukuvutabe ndi chisanu cha ku Mzimbako? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndalemba papepala n'kupatsira a Bennet a thiransipoti chifukwa foni yomwe ndinakugulirani imakhala m'thumba mwa mchimwene wanga Jabir, ndipo chilichonse ndingatumize amayamba kumva ndi iyeyo.

Lamlungu lapitali ndinapita kokwerera mabasi a ku Malawi kukatumiza bulangeti lanu. Kumeneko ndinakumana ndi Charlotte, mlongo wawo wa a Nason ocheka matabwa ku Chikangawa. Nditatambasula dzanja anangoliyang'ana. Pamaso pa anthu akwathu onse aja anati, "Iwe ndiwe munkhungu, wamaliza mlongo wanga." Amayi, ine wakuba? Ndinachita kumupempha kuti andiuze chimene ndaba.

Akuti Jabir wakhala akuuza anthu pamsika kuti ine ndimagwira ntchito komwe kumasewera akatswiri a tenesi ndi gofu, ndiye ndimamva kale amene apambane mpikisano usanayambe. Amalemba mayina pa timapepala n'kumagulitsa kwa anthu obetcha pa foni. Umboni wake ndi chithunzi chomwe ndinakutumizirani, chija ndaima pafupi ndi ukonde wa tenesi nditavala yunifolomu. A Nason anakhulupirira. Anagulitsa makina awo ochekera matabwa n'kuponya zonse pa munthu mmodzi wa gofu, poti Zubeida wanena. Munthuyo anatuluka mumpikisano tsiku lachiwiri. Pano a Nason akusenza matabwa a anzawo, ndipo mwana wawo wabwerako kusukulu ku Embangweni posowa fizi.

Ntchito yanga mukuidziwa. Ndimachapa matawulo ndi kukolopa zimbudzi pa kalabu. Ndimalowera geti yakumbuyo. Osewera pano ndi madokotala ndi nkhalamba zopuma pantchito. Akatswiri amene Jabir amalemba mayina awowo amasewera kutsidya kwa nyanja, sindinaonepo ngakhale mmodzi. Mmene amawerengera zigoli za tenesi sindidziwa n'komwe.

Ndinamuimbira Jabir tsiku lomwelo. Anaseka. Anati tenesi ndi anthu awiri basi, wina ayenera kupambana, ndiye nthawi zina amalondola ndithu, nanga amene walephera adandaule chiyani. Anatinso ine ndikudya bwino kuno, ndisamuphunzitse mmene munthu amakhalira pa Boma. Nditamukumbutsa kuti juga ndi haramu anadula foni.

Koma chandiwawa kwambiri si Jabir ayi, ndinu Amayi. Charlotte akuti mwezi wa Epulo a Nason anabwera pabenchi yanu, anakalipa m'Chitumbuka msika wonse ukumva, mpaka anataya beseni lanu la mpunga. Chichitikireni zimenezo takhala tikulankhulana kangati? Nthawi zonse mumati zonse zili bwino. Munkadziwa kuti dzina langa likugulitsidwa pamsika womwe mumakhala inu, koma munasankha kubisa mwana wanu wamwamuna. Kuyambira ali wamng'ono zakhala choncho, iye akaswa, wosesa ndine.

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala kuno ndisanatolepo ngakhale sopo wa abwana. Ndimati chaka chamawa ndibwere ndidzatsegule kashopu ka nsalu pafupi nanu. Adzalowamo ndani mushopu ya mkazi amene anadyetsa anthu juga?

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge amalume Ishaka, mumutengenso Jabir, mupite ku Chikangawa kwa a Nason. Jabir akanene ndi pakamwa pake kuti ine sindinamupatsepo dzina la wosewera aliyense. Lachisanu likudzalo amalume akabwereze mawu omwewo kumzikiti, anthu asanabalalike. Sizibweza makina a a Nason, ndikudziwa. Koma pali ena amene akugulabe timapepalato. Mukapanda kutero ndidzalembera a Shehe ndekha, ndipo sindidzabisa kuti inu munkadziwa.

Mundiperekere moni kwa amalume Ishaka ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Jenda, ndi kwa mng'ono wanga Zulfa ndi ana ake. Jabir musamupatse moni wanga, angaugulitsenso.

Allah akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Zubeida